Mamendulo a Uledi

Simenti inafika Lachitatu, matumba asanu ndi limodzi pa njinga zitatu zakabaza, ndipo a Fabiano Namahala atangoiona ikutsitsidwa pakhonde anadziwa kuti nthawi yozengereza yatha. Amene anagula simentiyo ndi mwana wawo Mervis, namwino wa ku Blantyre uja. Iye anali atatsimikiza kuti Loweruka chiliza cha agogo ake, a Mathew, chimangidwe basi. Ankati n'zochititsa manyazi kuti munthu agone zaka makumi atatu pansi pa kamulu ka dothi kumanda a kuseri kwa malayini a esiteti, ngati kuti sanasiye mbewu. Ndipo Mervis akatsimikiza chinthu sabwerera m'mbuyo, anatengera mayi ake.

Masana omwewo Mervis anaimba foni.

"Ababa, mmisiri akufuna mawu olemba pachilizapo. Akuti iye amalemba ndi msomali simenti isanaume, ndiye safuna zoti tiziyamba kuganiza atagwira kale msomali m'manja. Ine ndati alembe kuti Mathew Namahala, msilikali wa Keyala."

"Za Keyalazo ndikuyankha Lachisanu."

"Chavuta n'chiyani ababa? Si anapita kunkhondo agogowo?"

"Ndati Lachisanu. Netiweki ikuvuta kuno."

Netiweki inalibe mlandu. Mlandu unali m'chitini cha mabisiketi chomwe chinali pansi penipeni pa sutikesi yawo, chokulungidwa m'nsalu ya malemu akazi awo.

A Mathew, bambo awo a Fabiano, anali munthu wothyola tiyi, wosayankhulayankhula, koma akalawa kachipanda kamodzi pakamwa pankamasuka. Nkhani yawo inali imodzimodzi chaka ndi chaka. Ankati ku Keyala, gulu la asilikali akuda a Mfumu ya ku Mangalande, burigedi yawo inali ya miyendo itatu ngati mafuwa: batalioni ya Anyasa, batalioni ya ku Tanganyika, ndi ina ya anyamata aataliatali a ku Uganda. Mizinga ankaombera ndi amwenye ovala nduwira, amene ankaisenzetsa nyulu. Ngamila zotunga madzi ankayendetsa ndi Asomali. Azungu anali owerengeka, koma onse anali pamwamba. Ntchito ya gulu lonselo inali kulondera malire a Kenya ndi Abisiniya, kumalo otchedwa Moyale, kumene madzi ankawayeza ndi kapu ngati mankhwala. Anthu a m'malayini anaimva nkhaniyi mpaka kuiloweza, moti a Mathew akati "batalioni ya Anyasa," omwera nawo ankalandira onse pamodzi kuti "ya ku Tanganyika!" n'kufa nako kuseka.

Chomwe chinkawawonongera mbiri n'chakuti wina akati, "Tationetsani mapepala a Keyalawo, a Mathew," iwo ankangoyang'ana zala zakuphazi. Boma litaitana asilikali akale kuti akalembetse ku Boma, iwo tsiku limenelo analawirira kumunda. Anzawo ena ankavala mamendulo mwezi wa Novembala n'kupita ku Zomba, iwo ayi. Ndiye anthu anawapatsa dzina loti msilikali wa m'chipanda, ndipo dzinalo linawakakamira mpaka kumanda. A Fabiano ali mnyamata, bambo awo akangoyamba za mafuwa atatuwo, ankanyamuka n'kutuluka panja. Ankachita manyazi, ndipo sankabisa n'komwe.

Chitinicho anachipeza okha maliro a bambo awo atatha, chitasomekedwa kudenga. Munali mamendulo atatu ndi kabuku kachikuto cholimba, ka munthu wotsanzikana ndi usilikali. Anaganiza kuti mwina bambo aja ankanena zoona. Koma atatsegula kabukuko anapeza dzina la munthu wina: Uledi Saidi, Myao, Msilamu, kwawo ku Bvumbwe, mkazi wake Zulaika. A Mathew anali Mlomwe wobatizidwa, ndipo nyama ya nkhumba ankaikonda kuposa m'bale wawo.

Chiyambire tsiku limenelo a Fabiano anakhulupirira kuti bambo awo sanali wabodza chabe komanso wakuba. Masiku ena ankaganiza zoopsa kuposa apo, zoti mwina anavula mtembo wa mnzawo. Sanauze munthu, ngakhale akazi awo. Anakhala mkulu wa mpingo, anakhalanso mlonda wa pageti la fakitale ya tiyi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Ndipo taonani zomwe dziko limachita: malole ena odzatenga tiyi pafakitalepo anali olembedwa dzina la Uledi pachitseko, a ku Bvumbwe komweko. Nthawi iliyonse akamakweza chitsulo cha pageti kuti lole yotere idutse, ankayang'ana kumbali ngati dalaivalayo akuona m'sutikesi mwawo.

Tsopano mwana akufuna kulemba mawu oti msilikali pasimenti, pamalo poti aliyense wopita kumaliro aziwerenga. Akalola, ndiye kuti mkulu wa mpingo wadinda bodza pamanda a bambo ake. Akakana, ayenera kumuuza Mervis chifukwa chake, ndipo Mervis anakula akunyadira agogo amene sanawaone bwino n'komwe. Mlandu suola, amatero akuluakulu, ndipo uwu unali utadikira mokwanira. Lachinayi m'mawa anavala jekete ya ku tchalitchi, anaika chitini m'jumbo, nanyamuka kukabweza katundu kwa eni ake.

Njira yachidule yopita kumsewu inkadutsa pakati pa minda ya tiyi. Amayi othyola anali atalowa kale m'mizere, madengu kumsana, mapepala apulasitiki m'chiuno poteteza mame. Kapitawo wina anawafuulira.

"Agogo, jeketetu imeneyo si ya Lachinayi! Mukukafunsira kodi?"

"Ndikukaonana ndi achibale," anayankha a Fabiano, ndipo anadzidabwa okha kuti bodza latuluka mosavuta chonchi pakamwa pa munthu wopita kukakonza bodza.

Pa Thyolo Boma anakwera minibasi ya ku Limbe. Kondakitala anafuna kuika jumboyo kumbuyo pamodzi ndi nthochi, iwo anakana kwamtuwagalu, naifungata pamiyendo ulendo wonse. Atatsika pa Bvumbwe, pakati pa milu ya tomato, kabichi ndi mbatata ya kachewere, anafunsa mayi wina wogulitsa karoti komwe kuli kwa a Uledi. Mayiyo sanadzutse n'komwe mutu. Analoza ndi mlomo kuseri kwa mzikiti, nati akafunse Che Nuhu, ndiwo atsala pa ana a Uledi.

Che Nuhu anali nkhalamba yoposa a Fabiano ndi zaka khumi, ya ndevu zoyera ndi kofiya kumutu. Anawapeza atakhala pampando wozulidwa m'lole, pamthunzi wa garaja, akukalipira amakaniko awiri amene anali kunsi kwa galimoto. Atamaliza kukalipako anatembenuka, napereka moni waulemu ngati si iwo amene amafuula, nalozera mlendo mpando wina wa lole.

A Fabiano sanakhale pampandopo. Anavula chipewa, nanjuta pansi pa mafuta a injini, jekete ya ku tchalitchi ili m'thupi. Mawu anali atawakonza kuyambira pa Boma, koma anatuluka osatsata mzere.

"Bambo, ine ndine Namahala, wa ku matiyi uku. Ndabwera ndi mlandu. Katundu uyu ndi wa bambo anu, a Uledi Saidi. Wakhala m'nyumba mwathu zaka zambiri, ndipo ine ndakhala ndikudziwa. Amene anatenga anamwalira. Ndi bambo anga. Sindikudziwa kuti anaba bwanji, koma ndati ndisafe ndisanabweze."

Che Nuhu analandira chitinicho, nachitsegula. Anayang'ana mamendulo aja nthawi yaitali osawakhudza. Kabukuko anakatenga, koma m'malo mokatsegula anakaphimba ndi dzanja pabondo.

"DN seveni fili wani sikisi," anatero. "Tatsegulani muone ngati ndalakwitsa."

A Fabiano sanafunikire kutsegula. Nambala imeneyo ankaidziwa kuposa ya foni yawo.

"Ndi yomweyo, bambo. Ndiye ndi wanudi katunduyu. Mundikhululukire."

"Ndikukhululukireni chiyani? Bambo anga ine sanagwirepo mfuti chibadwire. Anali telala. Nkhuku yeniyeniyi ankakaphetsa kwa shehe, iwo atayang'ana kumbali." Che Nuhu anawerama, nawayang'anitsitsa a Fabiano kumaso. "Dzukani apo, mukuwononga jekete. Inu ndinu mwana wa Matewe."

Palibe amene anatchulapo dzina la bambo awo motero chimwalirire agogo awo aakazi. Makaniko mmodzi anatuluka kunsi kwa galimoto, nawagwira mkono a Fabiano kuwadzutsa.

Che Nuhu anawatsogolera m'kaofesi ka garajayo. Pakhoma, pamwamba pa kalendala ya kampani ya matayala, panali chithunzi chakale m'felemu yagalasi. Chinali cha mnyamata wovala kabudula wa kaki ndi chisoti chachitali cha asilikali, ataima chilili ngati wameza mtengo, mfuti pambali. Makutu ake anali otambalala. Makutu amenewo a Fabiano ankawaona tsiku lililonse pometa ndevu, ndipo Mervis ankawabisa ndi duku.

"Ameneyo kwathu kuno timamutcha Uledi wa kunkhondo," anatero Che Nuhu. "Bambo anga anali Uledi wa pakhomo. Khalani pansi ndikuuzeni, chifukwa ndikuona kuti mkulu ameneyu anasunga pangano mopitirira muyeso."

Nkhani yake inali yotere. Nkhondo ya Hitila itayamba, boma linkafuna anyamata m'midzi, ndipo dzina la Uledi linalembedwa. Uledi anali atangokwatira, mkazi wake Zulaika ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo telalayo ankalira ngati mwana. Pa nthawi yomweyo panali mnyamata wa Chilomwe amene ankabwera kudzasoketsa zigamba, wongowoloka kumene kuchokera kwa Apwitikizi. Ameneyu anali atatopa ndi thangata pa esiteti ndipo ankafunitsitsa kulowa Keyala, koma analibe chiphaso cha msonkho chosonyeza kuti ndi wa dziko lino, komanso ankaopa kuti akadzionetsa ku Boma amubweza kumene anathawa. Wina anali ndi pepala koma alibe mtima, wina mtima anali nawo koma alibe pepala. Anasinthana. Matewe anatenga chiphaso cha Uledi n'kupita ku Zomba, Uledi anatenga tikiti ya Matewe n'kupita kukathyola tiyi.

"Zaka zisanu!" anatero Che Nuhu akumenya tebulo. "Telala wa manja ofewa, dengu kumsana, akuyankha kuti 'Mathew' pasikelo! Nthawi ya swala ankabisala m'mizere ya tiyi. Kapitawo ankadziwa, koma analandira malaya awiri osokedwa bwino. Mzungu ndiye sanazindikire n'komwe. Kwa iye nambala ikayankha, munthu alipo."

"Nanga bambo anga, Chisilamu anachitha bwanji?"

"Anachitha mokakamizika. Ankalemba makalata kudzera kwa kalaliki wa kampani yawo, olembera mayi anga ngati mkazi wake, poopa kuti azungu amawerenga. M'kalata ina anadandaula kuti amuika m'gulu la Ayao, ndipo sajeni wamupatsa udindo wodzutsa anzake m'mwezi wa Ramadani. Mlomwe anamanga, kusala kudya mwezi wonse m'chipululu, osalawa ngakhale dontho. Bambo anga ankati akafika pamenepo powerenga, misozi ya kuseka inkagwera pakalata."

A Fabiano anapezeka kuti akuseka nawonso, kuseka kosadziwika bwino ngati n'kuseka kapena kulira. Che Nuhu anapitiriza. Anati chaka chachiwiri kunabwera mesenjala wa ku Boma ndi uthenga woti Uledi Saidi wavulala kumalire a Abisiniya. Anthu a kutali amene sankadziwa za kusinthanako anabwera kudzapepesa Zulaika, ndipo linali Lamulungu, tsiku limene Uledi ankabwera kunyumba. Mwini dzina anathawira m'nkhokwe, n'kukhala m'menemo mpaka dzuwa kupendeka, akumva anthu akumutamanda kuti anali mwamuna wolimba mtima.

"Anavulala mwendo wakumanzere," anatero a Fabiano pang'onopang'ono. "Ankati ndi chitsulo cha bomba. Ife tinkati anagwa mumtengo wa mapeyala ataledzera."

"Wamisala anaona nkhondo, achimwene. Koma uyu sanali wamisala n'komwe."

Mawu amenewo anawalasa a Fabiano, pakuti anali oona. Anakumbukira maulendo onse amene ankatuluka panja bambo awo ali pakati pa nkhani, ndi mmene mkuluyo ankatsitsira mawu akaona mwana wake akunyamuka. Zinawapweteka kwambiri. Komabe kupwetekako kunali kopepuka poyerekeza ndi katundu amene anabwera naye. Kuli bwino kukhala mwana wopusa wa munthu woona kusiyana ndi kukhala mwana wanzeru wa mbala, ndipo iwo anavomera upusawo ndi manja awiri.

"Nanga n'chifukwa chiyani sananene?" anafunsa. "Azungu anapita kalekale."

"Mantha, bambo. Matewe atabwerako anafika pano kamodzi kokha, ine ndili ndi zaka zisanu. Anabweza chiphaso, analandira tikiti yake, anasiya chithunzichi. Iye anamva ku usilikali kuti wonamiza Mfumu ya ku Mangalande pa dzina amamangidwa pamodzi ndi womubwereka dzinalo. Ndiye analumbirirana kuti asadzaonanenso ndipo asadzatchulane. Bambo anga anapirira mpaka dziko litalandira ufulu, kenako anayamba kufunafuna. Koma mnzawoyo anali atasamukira esiteti ina, ndipo kufunsa Mlomwe wotchedwa Mathew m'Thyolo muno n'chimodzimodzi kufunsa tsamba la tiyi. Dzina loti Namahala sitinkalidziwa. Anamwalira akunena kuti, 'Ana inu, munthu ameneyu mukadzamupeza, ndi bambo wanu.' Pakati paja mayi anali napo ndine ineyo. Ndinabadwa bambo anga alipo, anandinong'oneza adhana, mawu oitanira ku swala, kukhutu ndi pakamwa pawo, chifukwa bambo anu anapita kukaomberedwa m'malo mwawo."

Che Nuhu anatseka chitini chija, nachikankhira kwa a Fabiano.

"Tengani katundu wanu. Dzina ndi lathu, koma mwendo unali wanu."

Anaitanitsa tiyi wamkaka ndi mandasi, ndipo a Fabiano, amene sanadye bwino kuyambira tsiku limene Mervis anatchula za chiliza, anadya mandasi anayi osawerenga. Thupi lonse linali litamasuka ngati munthu amene watula dengu pasikelo. Pofotokoza chimene chinawadzutsa, anatchula za simenti ndi mmisiri wa msomali uja. Che Nuhu anaika kapu pansi.

"Loweruka lomwe lino? Ndiye mumafuna kumanga chiliza cha bambo athu ife osadziwa? Mchenga mwapeza kale?"

"Tikatapa kumtsinje ndi mawilibala."

"Mawilibala! Malole onsewa ali pano? Ndibwera ndi mchenga ndi miyala, ndi ana anga, ndi zidzukulu zimene zikwane. Nyama tibweretsa yathu, inu musavutike, tikudziwa zomwe mumadya kumatiyiko."

A Fabiano anatulutsa foni m'thumba la jekete. Anapeza dzina la mwana wawo, naimba. Mervis anayankha msanga, kumbuyo kukumveka phokoso la m'chipatala.

"Ababa, lero ndi Lachinayi. Mwadwala?"

"Sindinadwale. Umuuze mmisiri uja alembe monga unanenera. Msilikali wa Keyala. Alembe zilembo zikuluzikulu, zoti munthu aziwerenga ataima kumsewu."

"Nanga dzulo mumavutiranji?"

"Ndidzakuuza Loweruka, ndi nkhani yaitali ndipo pali wina amaifotokoza bwino kuposa ine. Koma tenga cholembera, pali zowonjezera. Pansi pa dzina la agogo ako alembe nambala iyi: DN seveni fili wani sikisi. Pansi pa nambalayo alembe kuti Uledi Saidi."

"Uledi Saidi ndiye ndani? Ababa, pachiliza salembapo anthu awiri."

A Fabiano anakweza maso kuyang'ana mnyamata wa makutu otambalala uja pakhoma.

"Ndi munthu mmodzi, mwanawe. Ndi agogo ako omwewo. Dzina limenelo analibisa zaka makumi anayi kuti mnzawo asamangidwe, ife tikuwaseka. Lilembedwe poyera."